KABOKOSI KOITANIRA CITHANDIZO M'THENGO: KODI NKODALIRIKA?

Pa Sondo, pa 15 Febuluwale caka ca 2015, mai wina wa zaka 32 wokhala mu mzinda wa New York analawirira mbandakuca kukakwera mapiri a White Mountains, m'cigawo ca New Hampshire ku America. Mwamuna wace anamperekeza pa motoka kufikira pamene njira ya kumapiri iyambira, nabwerera, atapangana kuti adzamcingamira madzulo. Mai ameneyu sanali mlendo ku mapiri. Anali atakwerapo ena aatali koposa amenewa, ndi Kilimanjaro yemwe. M'cola mwace munali kabokosi kakang'ono kokwana m'dzanja limodzi, kamene munthu akakanikiza batani lace kamatumiza uthenga m'mlengalenga wonena kuti mwini wace ali pangozi, ndi kuti ali pamalo akuti.

Masana nyengo inaipa kotheratu. Mphepo inali kuomba pa liwiro loposa makilomita 160 pa ola, ndipo kunazizira kupitirira madigiri 30 kunsi kwa ziro, kuzizira kumene ife kuno sitinakuonepo ngakhale m'mwezi wa Juni kumadambo. Itangopitirira 15 koloko maiyo anakanikiza batani. Uthenga unakwera kumwamba, nutsikira ku ofesi ya asilikali a ndeke ku Florida, ndipo posacedwa anthu opulumutsa a ku New Hampshire anauzidwa. Koma pambuyo pa uthenga woyamba panabwera mauthenga ena, ndipo uli wonse unali kuloza malo ace-ace, ena otalikirana kopitirira kilomita imodzi. Amuna amene anakwera phiri usiku umenewo analondola umodzi wa mauthenga a pambuyowo, nabvutika mumdima osapeza munthu. M'mawa mwace pa Mande magulu ena anakweranso, ndipo masana anampeza atamwalira kale ndi cisanu, pafupi ndi pamene uthenga woyamba unaloza.

Kodi tinene kuti kabokosi kananama? Poyamba kananena zoona zeni-zeni. Amene anafufuza nkhaniyi aganiza kuti pambuyo pace kanasokonezeka pa zifukwa ziwiri: kuzizira kunaposa kumene kanapangidwira, pakuti timabokosi tambiri ta mtundu umenewu amatiyesa kufikira madigiri 20 okha kunsi kwa ziro, ndiponso eriyo yace, imene iyenera kuloza kumwamba, iyenera kuti inali citagonere. Komabe ngakhale mauthenga onse akadaloza malo amodzi, usiku umenewo munthu sakadatha kuimirira ciriri pamwamba pa phirilo, ndipo ndeke sikadatha kutera.

Mwina wina afunsa kuti nkhani ya mapiri a ku America itikhudza bwanji ife a ku Cipata, Katete kapena Petauke. Itikhudza cifukwa timabokosi timeneti tinafika kale pakati pathu. Alendo amene abwera kudzaona nyama m'cigwa ca Luangwa, makamaka aja oyenda pansi m'thengo monga anayambitsira a Norman Carr, ena a iwo amabwera natenga kabokosi kotere katapacikidwa pa lamba wa cola. Amene awatsogolera, kuwanyamulira katundu ndi kuwaphikira ndi ana athu. Tonse tidziwa kuti lamya ya m'manja ikangocoka pafupi ndi mlongoti isanduka ciboliboli. Ndani sanakwerepo pa culu kufuna-funa netiweki? Tsiku lina mlendo ndiye adzabvulala, ndipo kabokosi kadzakhala m'manja mwa mnyamata wa kumudzi kwathu. Ndi bwino iye adziwiretu cimene kangacite ndi cimene sikangathe.

CIYAMBI CACE

Mu Okutobala caka ca 1972 ndeke yaing'ono inasowa ku Alaska itanyamula aphungu awiri a nyumba ya malamulo ya America, a Hale Boggs ndi a Nick Begich. Anaifuna masiku 39, koma kufikira lero sinapezeke. Ngozi imeneyi inalimbikitsa lamulo lakuti ndeke zizikhala ndi kawailesi kolira kokha ndeke ikagwa. Bvuto linali lakuti kulira kwa kawailesiko kunali kumveka pokha-pokha ngati ndeke ina yadzera pamwamba pa malowo. M'cipululu mungapite masiku ambiri osadutsa ndeke.

Motero m'caka ca 1979 maiko anai, Canada, France, America ndi Soviet Union, anapangana zoika makutu kumwamba, pa makina aja ozungulira dziko ochedwa setilaiti. Akulu-akulu akumbukira kuti pa zaka zimenezo America ndi Soviet Union anali kuyang'anizana ngati njobvu ziwiri pa dziwe limodzi, koma pa nkhani iyi anagwirizana. Cigwirizano cimeneci cichedwa Cospas-Sarsat. Setilaiti yoyamba inaponyedwa kumwamba mu Juni 1982, ndipo mu Sepitembala caka comweco setilaiti ya a Soviet inamva kulira kwa ndeke yaing'ono imene inagwa m'mapiri a British Columbia ku Canada. Anthu atatu anapulumutsidwa. Kuyambira pamenepo anthu oposa 50,000 apulumuka mwa njira imeneyi, ambiri a iwo panyanja zazikulu.

Poyamba zipangizo zimenezi zinali za ndeke ndi zombo zokha. Pang'ono ndi pang'ono zinacepa msinkhu ndi mtengo, kufikira munthu woyenda pansi anatha kuika cace m'thumba.

Kagwiridwe kace ka nchito kali pawiri, ndipo anthu ambiri asokoneza pamenepa. Coyamba, kabokosi kayenera kudziwa pamene kali. Kamamvetsera masetilaiti a GPS, amene ali pamtunda wa makilomita oposa 20,000, ndipo kakamva anai kapena kuposapo kamawerengera malo ace. Koma GPS simva munthu. Ingolankhula cabe, monga wailesi ya m'nyumba. Tsono caciwiri, kabokosi kafunika mthenga wonyamula mau ace kupita nawo kwa anthu, ndipo mthengayo ndi setilaiti ya mtundu wina. Makolala amene akatswiri abveka mikango ndi mimbulu ya ku Luangwa kuti adziwe kumene iyenda, ambiri agwira nchito mwa njira yomweyi. Mbali imodzi ikalephera, kaya kudziwa malo kaya kutumiza mau, nchito yonse yapunduka.

MITUNDU IWIRI YOSIYANA

Mtundu woyamba ndi uja anali nawo mai wa ku New York. Pa Cingerezi auchula ndi zilembo zitatu, PLB. Kabokosi kameneka kadziwa nchito imodzi yokha, kukuwa. Ukakanikiza batani kamatumiza mfuu yamphamvu pa 406 MHz, kakabwereza pafupi-fupi masekondi 50 ali onse, kwa maola osacepera 24. Mfuuyo ipita ku masetilaiti a maboma, ndipo palibe malipiro a pamwezi. Batiri lace likhala zaka zisanu kapena kuposapo lisanafune kusinthidwa. M'mfuu iri yonse muli nambala ya zilembo 15 imene iri ya kabokosi kameneko kokha, ndipo mwini wace ayenera kuilembetsa ku boma la kwao pamodzi ndi dzina lace ndi malamya a abale ace. Macenjezo ocokera m'maiko a kuno kumwera kwa Africa adzera ku likulu la ku Cape Town asanatumizidwe ku dziko kumene ngozi yacitika.

Kuipa kwace nkwakuti kabokosi kotere sikanena cimene cacitika, ndipo kawiri-kawiri sikalandira yankho. Opulumutsa sadziwa ngati munthu wathyoka mwendo, walumidwa ndi njoka kapena wangosocera. Nayenso wobvulalayo nthawi zambiri sadziwa ngati wamveka. Angokhala ndi kuyembekeza. Tinenenso kuti zipangizo zakale zolira pa 121.5 MHz pokha masetilaiti analeka kuzimvera pa 1 Febuluwale 2009. Wina akakugulitsani cotere motsika mtengo, wakugulitsani cidole.

Mtundu waciwiri ndi wa makampani. Kampani ya Globalstar inaturutsa kabokosi kochedwa SPOT m'caka ca 2007, ndipo ya DeLorme inaturutsa inReach mu 2011. DeLorme inagulidwa ndi kampani ya Garmin mu 2016. Timabokosi iti tiri ndi zokoma zambiri. Pa mphindi khumi ziri zonse tingathe kutumiza kadontho pa mapu, kotero kuti mkazi ali ku London aona pa kompyuta kuti mwamuna wace waoloka mtsinje wakuti. Ta inReach timatumiza ndi kulandira mauthenga a zilembo 160 monga lamya, ndipo kena mwa ito kalemera magalamu 100 okha. Pangozi munthu atha kulemba kuti mnzace walumidwa ndi mamba pa nthawi yakuti, nalandira malangizo. Ici ndi cinthu cacikulu ndithu, ndipo m'caka ca 2022 Garmin inalengeza kuti ngozi zimene zinafika kwa iwo kudzera pa inReach zakwana 10,000. Koma zokoma zonsezi ziri pa ndalama, mwezi ndi mwezi.

PAMENE KALEPHERA

Mdani woyamba wa kabokosi ka mtundu uli wonse ndi cinthu cocinga thambo. Mau ace ndi ofooka poyerekeza ndi ulendo umene ayenda. Pansi pa mitengo yowirira ya m'mbali mwa mtsinje, m'phompho lakuya, m'phanga, ngakhale pansi pa zobvala m'cola, uthenga ungacedwe mphindi zambiri kapena osaturuka konse. M'matanthwe mau a GPS agunda pamwala ndi kubwerera, ndipo kabokosi kaganiza kuti kali pamene sikali.

Caciwiri ndi masetilaiti eni ace, pakuti si onse afanana. A inReach agwiritsa nchito masetilaiti a Iridium, amene alipo 66 pamtunda wa makilomita 780, ndipo apatsirana uthenga okha-okha kumwamba komweko kufikira utatsika. Motero afika pa dziko lonse lapansi. A Globalstar acita mosiyana. Setilaiti yao iyenera kuona kabokosi ndi siteshoni ya pansi pa nthawi imodzi, monga kalirole wobweza kuwala. Kumene kulibe siteshoni pafupi, uthenga ugwera m'madzi. Ndi cifukwa cace mbali yathu ino ya Africa inakhala zaka zingapo yosafikiridwa bwino ndi SPOT, kufikira pamene anamanga siteshoni ku Gaborone m'dziko la Botswana. Munthu wanzeru ayamba wayang'ana mapu a kampani oonetsa kumene afika, asanaturutse ndalama.

Timabokosi ta SPOT toyamba tinali tolankhula cabe, tosamva. Kanyali kanali kuthwanima kusonyeza kuti uthenga waturuka, koma panalibe cotsimikiza kuti wafika. Kuciyambi kwa nchito yao, mu Disembala 2009, kampaniyo inapempha amene anagula mtundu waciwiri wa SPOT kuti aubweze, itaona kuti tina sitinali kukwanitsa zimene analonjeza pa batiri ndi pa mauthenga. Kubvomera colakwa motere nkoyamikika, koma kutikumbutsa kuti cipangizo catsopano m'bokosi mwace sicinatsimikizidwe kufikira mwini wace ataciyesa pabwalo. Mtundu wa SPOT wotha kulandira yankho unadza m'caka ca 2018.

Pali bvuto lina limene ogulitsa sachula kawiri-kawiri, ndilo mantha a otsala kunyumba. Banja likazolowera kuona kadontho katsopano mphindi khumi ziri zonse, tsiku limene madontho aima mitima iima nawo pamodzi. Kawiri-kawiri palibe coipa: batiri latha, kapena woyendayo wapumula pansi pa mkuyu. Koma abale ayamba kuimbira apolisi, ndipo anthu aturuka kukafuna munthu amene ali kumwa tiyi. Mbali inayo ndiyo yoopsa koposa. Ngati banja lazolowera kuti madontho amaduka-duka, tsiku la ngozi yeni-yeni lidzati ndi masiku onse, nilicedwa kucitapo kanthu. Nkofunika kupanganiratu asananyamuke kuti kukhala cete kwa maola angati ndiko kudzachedwa ngozi.

Za batiri sitinena zambiri, pakuti ali yense wa lamya ya m'manja azidziwa. Kuzizira kulifooketsa, kutentha kuliononga, ndipo kabokosi kosiyidwa padzuwa kutsogolo kwa motoka m'mwezi wa Okutobala kucigwa kali pa mayeso aakulu. Kutumiza madontho pafupi-pafupi kudya moto umene ukadafunika pa tsiku la tsoka.

ANTHU A KU OFESI

Tsopano tifike pa mbali imene ine ndiona kuti ndiyo yaikulu, ngakhale siioneka pogula. Kabokosi ka kampani ndi theka cabe la cimene munthu wagula. Theka linalo ndi ofesi iri kutali, makompyuta ace, ndi anthu okhala pa lamya usana ndi usiku.

Tiyambe ndi malipiro. Kabokosi ka inReach kapena SPOT kamene malipiro ace anaima kangalephere kutumiza uthenga, ngakhale batani la SOS likanikizidwe. Ndalamazo zimacotsedwa zokha ku khadi la kubanki. Khadi likatha masiku ace, kapena banki ikakana kulipira, kampani itumiza cidziwitso pa intaneti, ndipo munthu amene ali m'thengo sabata yaciwiri saciona. Alendo ena agwiritsa nchito kabokosi mwezi umodzi pa caka, naimitsa malipiro miyezi inayo kuti asunge ndalama, ndipo ndi kosabvuta kuiwala kuutsanso. Kunja kwa kabokosi sikusintha kanthu: kayaka bwino-bwino, kaonetsa malo, koma pakamwa pace ndi pomangidwa. Madandaulo ambiri a ogula ali pomwepa, pa ndalama zodulidwa caka catsopano iwo asanafune, pa kubvuta kwa kuletsa pangano, ndi pa kudikira nthawi yaitali pa lamya. Kwa munthu wa ku America kudikirako ndi kotopetsa cabe. Kwa munthu woimba ali kuno ndi ndalama zambiri za lamya ya kunja, ndiponso pamene kuno kuli m'mawa, ofesi zina za kumeneko zikali zotseka.

Tisasokoneze maofesi awiri. Ina ndi ya malonda ndi madandaulo. Ina ndi ya ngozi, imene sitseka. Kwa zaka zambiri mfuu za SPOT ndi inReach zonse zinali kulandiridwa ndi bungwe lochedwa GEOS, pafupi ndi mzinda wa Houston ku Texas, ndipo kuciyambi kwa 2021 Garmin inalengeza kuti yaligula. Kusiyana kwa maofesi awiriwa kunaoneka poyera mu Julayi 2020. Pa 23 mwezi umenewo mbala za pa intaneti zinalowa m'makompyuta a Garmin ndi kuwamanga, monga acitira ofuna dipo. Kwa masiku angapo kampaniyo sinathe kulandira malamya kapena makalata a ogula. Inalengeza kuti mfuu za SOS ndi mauthenga a inReach zinali kuyendabe, ndipo ici cinatonthoza amene anali kale m'thengo. Koma amene anafuna kutsegulitsa kabokosi kao kapena kukonza za malipiro kuti anyamuke m'mawa mwace, anasowa wolankhula naye.

Ndiponso kampani ndi kampani, ingagwe monga igwera sitolo ya pa boma. Iridium yeni-yeniyo, imene lero itamandidwa, inayamba nchito mu Novembala 1998 itaononga madola pafupi-fupi mabiliyoni asanu, ndipo mu Ogasiti 1999 inali itagwa kale ndi ngongole. Panali maganizo akuti masetilaiti ace awagwetse apsere m'mlengalenga. Anthu ena anaigula pa madola mamiliyoni 25 okha naiutsa, ndipo pakati pa 2017 ndi 2019 anaika masetilaiti atsopano. Apa mpamene kabokosi kosalankhula kaja ka PLB kaposa anzace. Sikadalira khadi la kubanki, ndipo kumbuyo kwace kuli maboma.

Komabe nakonso kali ndi pofooka pace, ndipo ndi pa kulembetsa. Mfuu ikafika, cinthu coyamba cimene a ku ofesi acita ndi kuimbira manambala amene mwini wace analemba, cifukwa macenjezo oculuka kwambiri ndi olakwika: mwana anaseweretsa batani, kapena cipangizo cakale cinatayidwa kudzala cikali ndi batiri. Ngati kabokosi kanagulidwa kwa munthu wina ndipo dzina silinasinthidwe, adzaimbira mwini wakale amene ali mtulo ku Germany, ndipo iye adzati sadziwa kanthu. Ngati nambala yolembedwa ndi ya mbale amene anasintha lamya zaka zitatu zapitazo, nthawi ipita pacabe. Munthu wobwereka kabokosi ka mnzace ayenera kuonetsetsa kuti a ku ofesi adziwa amene wanyamula, kumene apita, ndi anthu angati ali nawo.

NDANI ADZABWERA?

Ofesi ya ku Texas iribe helikoputa yace, ndipo ya ku Cape Town siitumiza munthu ku Mfuwe. Nchito yao ndi kuimba lamya kwa amene ali ndi udindo m'dziko limene ngozi yacitika. Kucokera pamenepo liwiro la cithandizo ndi liwiro la dzikolo, la miseu yace ndi nyengo yace.

Citsanzo cabwino ndi ca mtsikana wa ku America, Abby Sunderland, amene mu 2010, ali ndi zaka 16, anayesa kuzungulira dziko yekha pa bwato la thanga. Pa 10 Juni namondwe anathyola mlongoti wa bwato lace pakati pa nyanja ya Indian Ocean, makilomita oposa 3,000 kumadzulo kwa Australia. Anayatsa zipangizo zace ndipo mfuu inamveka tsiku lomwelo. Boma la Australia linatumiza ndeke yaikulu imene inamuona ali moyo, koma ndeke singatole munthu pamadzi. Anadikira kufikira pa 12 Juni, pamene combo ca asodzi ca ku France cinafika. Cipangizo cinagwira nchito popanda colakwa ciri conse, ndipo mtsikanayo anakhalabe masiku awiri pa mafunde. Cimene cinamsunga masiku awiriwo ndi bwato lolimba, madzi ndi cakudya.

Ife a kucigwa tidziwa zofanana nazo. M'nyengo ya dzinja, mitsinje ikadzala ndi dothi lakuda likasanduka phala, malo amene m'cilimwe motoka afika pa maola awiri sangafikike konse. Ndeke yonyamula odwala ifuna bwalo louma ndi kuwala kwa dzuwa, ndiponso ifuna kudziwa amene adzalipira. Malipiro a pamwezi a kabokosi salipirira ndeke. Imeneyo ndi inshuwalansi ina yapadera, ndipo alendo ena azindikira zimenezi ngozi itacitika kale. Nthawi zambiri woyamba kufika adzakhala woyang'anira nyama wa pafupi, kapena motoka ya kumsasa. Ndi cifukwa cace nambala ya mwini msasa, amene adziwa njira zonse za kumeneko, iyenera kukhala pakati pa manambala olembedwa ku ofesi. Mlendo amene analemba nambala ya mlongo wace wa ku Ulaya yokha wasiya kunja munthu amene akadamfikira msanga.

Palinso ena amene kabokosi kawapatsa kulimba mtima kopanda nzeru. Mu Sepitembala 2009 amuna awiri ndi ana ao awiri analowa njira yobvuta ya m'cigwa ca Grand Canyon ku America atanyamula SPOT. Anakanikiza batani la ngozi cifukwa madzi anawathera, koma pamene opulumutsa anafika pa helikoputa anapeza atapeza kale madzi, ndipo anakana kuturuka. Anakanikizanso kaciwiri, ati cifukwa madzi amene anamwa anali a mcere. Pa ulendo wacitatu oyang'anira anawakweza onse mu helikoputa, ndipo mtsogoleri wao anaimbidwa mlandu. Ulendo uli wonse mwa itatuyo woyendetsa ndeke anaika moyo wace pangozi pakati pa matanthwe.

Kuyambira mu Novembala 2022 malamya ena a m'manja, kuyambira ndi iPhone 14, atha kutumiza uthenga wa ngozi kudzera pa setilaiti. Koma nchito imeneyi anaitsegula dziko ndi dziko, ndipo mlendo asaganize kuti cimene cigwira kwao cigwiranso kuli konse. Maiko enanso saloleza konse zipangizo zotere popanda cilolezo. Ku India, kumapeto kwa 2024 ndi kuciyambi kwa 2025, alendo angapo anagwidwa pa mabwalo a ndeke cifukwa ca inReach yopezeka m'cola. Kuno kwathu bungwe loyang'anira zipangizo za mauthenga ndi ZICTA, ndipo wofuna kuitanitsa timabokosi totere kuti agulitse kapena agwiritse nchito pa msasa wace ayambe wafunsa kumeneko.

KWA MNYAMATA WOPEREKEZA ALENDO

Inu amene muyenda ndi alendo m'thengo, musacite manyazi kufunsa usiku wa pa msasa, ulendo usanayambe. Pemphani mlendo akuonetseni pamene pali batani la SOS, pakuti pa timabokosi tambiri liri lobisika pansi pa kacitseko kuti lisakanikizike mwangozi, ndipo liyenera kugwiridwa masekondi angapo. Ngati ndi ka mtundu wolemba mauthenga, atumize uthenga woyesa pamaso panu ndipo yankho libwere. Pamenepo mwadziwa kuti malipiro ali bwino. Ka PLB kali ndi batani lace-lace loyesera, ndipo tsiku lotha batiri lalembedwa pa thupi lace. Batani la ngozi lokha ndilo losayesa.

Tsoka likagwa ndipo mlendo sangathe kudzithandiza, turutsani kabokosi m'cola. Pitani nako poyera, kutali ndi mitengo ikulu-ikulu ndi matanthwe, pamene thambo lioneka mbali zonse. Tambasulani eriyo iloze kumwamba, kanikizani batani kufikira nyali kapena kulira kusonyeze kuti kayamba, ndipo kaikeni coimirira pamwala kapena pa citsa, osati kukafumbatira m'manja kapena kukabweza m'thumba. Musakazime pofuna kusunga batiri, pakuti ka PLB kamaturutsanso kamluzu kena kofooka kamene ndeke ilondola ikafika pafupi. Ngati malo amene muli si oopsa, khalani pomwepo. Mukasuntha, kabokosi kapite pamodzi ndi wodwalayo. Ngati kali kolandira mauthenga, yankhani mafunso a ku ofesi mwacidule: anthu angati, wabvulala pati, apuma kapena iai, ndi mseu uti uli pafupi. Ndipo ngati batani lakanikizika mwangozi, uzani a ku ofesi kapena mwini msasa msanga, ndeke isananyamuke.